Chipinda cha Nsomba ku Dresden

Magetsi amayaka eyiti koloko ndendende,
ndipo m'mathanki zikwi ziwiri
tinsomba tamizeremizere timayesa kwacha,
timathamangitsana, timaikira mazira.
Ine ndimakhala nditafika kale.
Kunja chipale chafika m'akakolo, matiramu akuchedwa,
koma muno ndi thukuta chaka chonse,
mapampu akung'ung'udza ngati mlamu wosakhuta.

Lero andibweretsera watsopano, Wiebke,
jasi lake loyera likadali ndi mapindo a m'sitolo.
Asanapachike n'komwe chikwama wandifunsa:
Mayi Kretzschmar, kodi ntchito imeneyi ili ndi tsogolo?

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikutsuka mathanki,
funso ndi lomwelo, amasintha ndi milomo.

Ndikanamuuza za Tilo,
amene ankadula kansonga ka mtima wa nsomba
ndi kasizasi kochepa ngati nsidze,
n'kudikira miyezi iwiri kuti mtimawo umere.
Unkamera ndithu, chipsera n'kuzimirira,
zimene mtima wa bambo ake unakana kuchita.
Pano ali ku Basel, kukampani ya mankhwala.
Amatumiza chokoleti pa Khirisimasi
koma pakhadi satchula nsomba.

Ndikanamuuza za Henrike,
zaka zisanu ndi chimodzi pa jini imodzi,
kontirakiti ya zaka zitatu, ina ya ziwiri, ina ya chaka,
kumafupika ngati kandulo.
Anthu ena kutsidya kwa nyanja anasindikiza Lachinayi
zimene iye akanatumiza Lolemba.
Analirira apa, pakati pa mashelefu awiri awa,
pomwe phokoso la madzi limabisa munthu.
Masiku ano amaphunzitsa kusekondale ku Pirna,
amabwera ndi ana makumi atatu kudzaona mazira,
ndipo amaseka mokweza kuposa kale.
Ngati uko ndiko kugonja, ine sindidziwa.

Nanga Jörn, waulesi uja,
wosalemba madeti pamathanki,
amene ndinamukalipira mpaka mawu kusasa?
Ndiye pulofesa tsopano, ali ndi ophunzira ake asanu ndi atatu
ndi womutsukira mathanki wakewake,
amene ndimamupempherera.
Pogawa mipando safunsa kwa ife apansi pano.

Zonsezi ndazimeza.
Ndatenga kambale ka mazira a dzana,
ndamukhazika pamaikulosikopu, ndamutsitsira mpando.

Mwana wa nsombayi sabisa kanthu,
ndi woonekera ngati dontho la madzi.
Msana uwo, wayalidwa kale.
Maso awo, akulu kuposa nzeru zake.
Ndipo apo, kumunsi kwa mutu,
kathumba kakugunda, kakugunda,
timaselo ta magazi tikudutsa m'modzim'modzi
ngati anthu otsika sitima yam'mawa,
aliyense akudziwa kolowera
ngakhale dzana kunalibe msewu.

Wakhala chete mphindi khumi ndi ziwiri.
Ndimawerenga pawotchi, ndi chizolowezi changa.
Amene amadzutsa mutu msanga
n'kufunsa za tchuthi ndi penshoni
amadzapeza ntchito zabwino, ndipo sindiwanyoza.
Koma awa ochedwa chonchi,
oiwala kuti khosi likuwawa,
ndimawamvera chisoni pang'ono
kenako ndimawapezera shelefu.

Podzuka, m'maso muli mizere ya galasi,
wafunsa funso lina:
Kodi chimauza mtimawu kuti uyambe n'chiyani?

Ndati, ine ndimangodziwa mchere wa m'madzi
ndi nthawi yodyetsa.
Zimenezo ukafunse kumtunda,
ndipo akakuyankha msanga usawakhulupirire.

Ndamupatsa tepi yobiriwira ndi cholembera.
Lemba dzina lako apa. Deti usaiwale, chonde, deti.
Wamata pashelefu yachitatu kuchokera pansi,
pamwamba pa ulimbo wa mayina anayi
amene sindinathe kupala bwinobwino.

Teni koloko tidyetsa.
Ukabwere ndi nsapato zina mawa,
izo zinyowa.